Chipinda cha Zosima

Ngakhale akanati amumenye, Vibia anali atatsimikiza kale kuti apita, poti bala la ndodo limapola, koma chimene chinkamudya mumtima chibwerereni kumapiri kuja sichinkapola, chinkangokula ngati chithupsa. Mwamuna wake Tertulo anaima pakhomo la kanyumba kake kosokeramo nsapato, chikopa chili m'manja, dzuwa la m'mawa likumuwomba pamphumi.

"Ukupita kwa mfiti ija?"

"Ndikupita kwa wodwala."

"Ukatenga mliri kumeneko usadzapondenso pakhomo pano. Wamva?"

"Ndamva, amuna anga."

Vibia anasenza mtsuko nalowera kukasupe wa pamphambano. Madzi akuthirikira mumtsukomo, maganizo anabwereranso komwe ankabwerera tsiku lililonse: chaka chatha, mliri utalowa mu Roma, mitembo ikukankhidwira mumsewu ndi mapazi, Tertulo anapeza malo a anthu awiri pangolo yopita kwa abale ake kumapiri, awiri okha, ndipo mayi ake a Vibia, mayi Fadia, anali atagona kale, maso ali psuu, milomo itang'ambika. Iye anawaikira mkate ndi madzi pambali pa mphasa nati, "Ndibwera posachedwa, amayi," akudziwa kuti akunama, ndipo iwonso ankadziwa, chifukwa anangotembenukira kukhoma. Kapena sanamve? Ayi, anamva. Mayi Fadia ankamva ngakhale khoswe akamayenda padenga.

Atabwerako anauzidwa zonse ndi anthu a m'nyumba yosanja imene mayi ake ankakhalamo. Zosima, kapolo womasulidwa wa ku Siriya wochapa zovala za anthu, amene ankagona pamwamba penipeni pansi pa denga, mmodzi wa anthu a Khristu aja, ndiye anathyola chitseko, nawadwazika masiku asanu ndi anayi, nasambitsa mtembo, nauika m'manda. Chaka chathunthu Vibia sanamuthokoze. Akamuona kukasupe ankakhota, chifukwa ungamuyang'ane bwanji munthu amene anagwira ntchito ya manja ako? Tsopano mliri unali utabweranso, ndipo Zosimayo anali chigonere tsiku lachitatu.

Koma ankafunanji anthu amenewa? Funsoli linayenda naye mumsewu wopapatiza, pakati pa ntchentche ndi utsi wa lubani amene anthu ankafukiza pamakomo kuti milungu ileze mtima. Ankati Akhristu amakumana mobisa, amatchulana abale ndi alongo asali pachibale, amadya nyama ya khanda, amakana kufukizira Kaisara lubani, n'chifukwa chake milungu yakwiyira mzinda, ndipo iye mwini, ndi pakamwa pake pomwepa, anazinenapo zimenezi akuseka ndi anzake. Nanga munthu wodya makanda angapukute chimbudzi cha nkhalamba yosamudziwa masiku asanu ndi anayi? Kapena ndiyo nyambo yake, mwina amakola anthu chomwecho, poti taonani, amene anapulumuka m'nyumba muja ambiri akupita kumapemphero awo, mkazi wamasiye wa msilikali, woumba nyale uja ndi banja lake lonse. Ndipo mayi ake? Kodi anawathira madzi awo aja pamutu? Ngati anafa ali a mulungu wachilendo wopachikidwa pamtanda, ndiye kuti vinyo ndi maluwa zimene iye ankapititsa kumanda pa masiku a akufa ankapatsa yani?

Pansi pa nyumba yosanjayo Nonia, wogulitsa mkate, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwenso, Vibia? Akukola?"

"Ndipatse wofewa."

"Anzake a Zosima aja odwala awachulukira, dzulo palibe wakwera. Ukafa ndidzatenga mtsukowo, ndi wabwino."

Vibia sanaseke. Anayamba kukwera. Makwerero anali amatabwa, amdima, onunkha mkodzo ndi kabichi wowola, ndipo pa nsanja yachitatu anaima, chifukwa chitseko chija chinali pomwepo, chokonzedwa ndi thabwa latsopano pamene Zosima anathyola, ndipo mkati mwake mkazi wina wachilendo ankaimba akusesa. Apa m'pamene mtima unamufunsa mopanda chisoni: wabwera kudzadwazika, kapena wabwera kudzafunsa? Zosima yekha padziko lonse ndiye ankadziwa mawu otsiriza a mayi Fadia, kaya anamutemberera mwana wawo, kaya anamuitana, kaya sanamutchule n'komwe, chimene chikanakhala choipa koposa, ndipo akafa lero mawuwo apita naye. Ndiye kuti ngakhale mtsuko uwu ndi umbava, ndi kudzikonda kovala nsalu ya chifundo? Kaya. Zikhale choncho. Madzi sadziwa mtima wa wowasenza, wodwala akamwa amwa basi. Anakonza nkhata nakwerabe.

Chipinda cha Zosima chinali chotentha ngati ng'anjo, njiwa zikulira padenga. Fungo linamumenya pakhosi. Mayiyo anali gone pamphasa yonyowa, thupi litatha, tsitsi la imvi litamatirira kumaso, ndipo panalibe kafano ngakhale kamodzi pakhoma, panalibe woti n'kumupempha. Vibia anatula mtsuko, namanga nsalu m'chiuno, nagwada. Anamutembenuza, nachotsa zoipa, nayamba kumupukuta kumaso, m'khwapa, kumsana, ndipo fupa lililonse limene chala chake chinakhudza linali fupa la mayi ake, msana uwu ndi umene unamutembenukira tsiku lija, ndipo anaupukuta mwamphamvu ngati kuti chaka chonse chingachoke ndi nsanza.

"Pang'onopang'ono," anatero mawu ofooka. "Sindine mphika."

Maso ofiira aja anali atatseguka.

"Mwana wa mayi Fadia."

"Ndine. Musalankhule."

Anadabwa yekha kuti wanena kuti "musalankhule" kwa munthu amene moyo wake wonse ankangomuti iwe.

"Mulungu wanuyo ine sindimudziwa," anawonjeza msanga, ngati wina wamufunsa. "Musaganize kuti mwandipeza."

"Ndiye unyowetse mkatewo. Wouma sindingameze."

Anaunyowetsa, namudyetsa pang'onopang'ono, dzuwa likukwera mpaka denga linayamba kuthetheka. Ankadziwa kuti mpweya umene akupumawu ndi womwe unapha theka la msewu wawo, kuti pofika mawa mutu ukhoza kuyamba kuwawa, kuti Tertulo sanena zinthu kawiri, ndipo akadwala iye ndani adzathyole chitseko chake? Si abale a kumapiri aja. Ndi anthu omwewa, odedwawa, ndipo ganizo limeneli linamukwiyitsa n'kumulimbitsa nthawi imodzi.

"Mayi ako," Zosima anayamba, akupuma movutika, "tsiku lomaliza lija..."

Vibia anamuika chikho pamilomo.

"Imwani kaye."

Mayiyo anamwa, madzi ena akutsikira m'khosi, maso osachoka pa iye. Chikho chitatha Vibia anathiramo ena, koma dzanja louma lija linamugwira pamkono, mwamphamvu yosayembekezeka, lotentha ngati khala. Pansi penipeni pa makwerero wina anali atayamba kukwera, mapazi olemera, osafulumira, thabwa lililonse likulira, kaya ndi Tertulo kaya ndi anthu a Khristu aja. Vibia sanacheuke ndipo sanachotse mkono. Milomo ya Zosima inali ikutsegukanso, ndipo pamene zala zake zinakanikiza panali mtsempha ukugunda mofulumira, mofulumira, moti Vibia sanathe kudziwa ngati unali wa wodwalayo kapena wake.