Mzere Wotuwa pa Chithunzi cha Kachiwala

Telala wina anali asanaonepo mkati mwa mutu wa munthu. Tsiku limene anaonamo, unali mutu wa mwana wake yemwe. Mtsikanayo ankamutcha Kachiwala chifukwa chosakhazikika pansi, koma chiyambireni kumva mutu ndi kusanza m'mawa uliwonse, ankangokhala ndwii pakona ya shopu, akusewera ndi tinsalu totsala. Anakamujambula kuchipatala china cha makina akuluakulu, ndipo zithunzizo zinatumizidwa pa intaneti kwa adokotala ake.

Adokotala ankaona zithunzizo chimodzichimodzi pakompyuta, akunena kuti apa pali bwino, apanso pali bwino. Kenaka dzanja lawo linaima. Pa chithunzi china panali mzere wotuwa wopingasa, ngati pamene simbi yawotcha nsalu, ndipo m'munsi mwake munali mawu ofiira.

Telala analoza mzerewo. Anafunsa ngati nthendayo inali imeneyo. Adokotala anati ayi, mzerewo si wa m'mutu, chithunzi changowonongekera m'njira. Anaitanitsa mayi woyang'anira makompyuta, ndipo mayiyo anafotokoza kuti chithunzi chikamanyamuka, makina amachidula tizidutswa, kalikonse n'kukapatsa nambala yochokera pa zimene kanyamula. Kakafika, makina a kuno amawerengeranso. Zikasiyana pang'ono amakonza okha osauza munthu, koma apa panatayika zambiri, ndiye anakana kulota, anangopakapo zotuwazo.

"Nanga kuseri kwa mzerewo kuli chiyani?" anafunsa telala.

"N'chimene sitikudziwa, bambo," anatero adokotala.

Anawauza kuti adikire pabenchi mpaka a chipatala chinacho atumizenso. Dzuwa linali litakwera, m'khondemo mukununkha mankhwala okolopera. Mayi a mwanayo ankaimba foni mobwerezabwereza kuchokera kuntchito, koma telala ankangoiyang'ana ikulira, poti akanawauza chiyani? Kachiwala anatsamira pamiyendo ya bambo ake n'kunena kuti mwina mutu wake walemera ndi nzeru, n'chifukwa chake intaneti yautaya panjira. Telala anaseka ndi mano okha.

Mayi wa makompyuta atadutsa, telala anamutsatira. Anati iye akamaika chigamba amayang'ana maluwa a m'mbali n'kulumikiza. Kodi makina sangachite chimodzimodzi, anthu azipita kwawo? Mayiyo anayankha kuti angathe ndithu, ndipo chithunzi chingaoneke chosalala bwino, koma umenewo ungakhale mutu wopeka, osati wa mwana wawo. Telala anabwerera pabenchi. Chinamuopsa kwambiri n'chakuti akanapatsidwa chithunzi chotero, akanathokoza ndi manja awiri.

Zithunzi zinabweranso, ndipo mzere uja unali pomwe paja. Apa mayi wa makompyuta uja nkhope inasintha. Anati ndiye kuti vuto si njira ayi, chithunzicho chinavunda kumene anachisunga. Chiyembekezo chinatsala pa makina ojambulira enieniwo, amene amasunga zawo padera, koma amafafaniza zakale akadzaza. Mayiyo anaimba foni kumeneko, ndipo amene anayankha anati aona akamaliza kujambula wodwala wina. Telala anayamba kuganiza za wodwala wosamudziwayo, atagona m'makinamo, zithunzi zake zikulowa, za Kachiwala zikukankhidwira kunja. Mwanayo anali atagona tulo, ndipo bambo ake ankaika chala pamphuno pake kawirikawiri kuti amve mpweya.

Chakumasana anawaitana. Zithunzi zinapezeka, nambala zonse zinagwirizana, mzere unachoka. Pamalo pakepo panali kanthu koyera, kozungulira, kosaposa batani la malaya. Adokotala anakayang'anitsitsa, akukakuza ndi kukachepetsa pakompyuta.

"Kalipo," anatero. "N'kakang'ono, ndipo kali poti tingakafikire. Tisachedwe nako."

Kachiwala anafunsa ngati amumeta mpala, ndipo atauzidwa kuti inde, analira chifukwa cha tsitsi lokhalo.

Anamuchita opaleshoni sabata yotsatira. Chotupacho chinatuluka chonse, ngakhale dzanja lamanzere linatenga nthawi kuti ligwirenso kapu. Adokotala anati azibwera naye kudzamujambula nthawi ndi nthawi. Tsikulo likamayandikira, telala chakudya chimamukanika, ndipo singano imamubaya zala ngati wophunzira kumene.