Bokosi la Zakukhosi

Loko wa bokosilo anali atachita dzimbiri, moti kiyi wa Madamu Kettie anathyokera momwemo.

"Dorica, katenge nyundo. Alendo afika teni koloko, ine sindikufuna manyazi."

Dorica, metroni wa ku hositelo, anabwera ndi nyundo ija akung'ung'udza chamumtima. Bokosilo linali lobiriwira, lokhomedwa pakhoma la laibulale, ndipo pamwamba pake panalembedwa m'Chingerezi kuti mtsikana aliyense wokhala ndi chomusautsa alembe kapepala n'kuponyamo, sukulu imumva. Makolo a magalimoto akuluakulu akabwera kudzaona sukulu ya atsikanayi, yophunzitsa silabasi ya kunja pomwepa pa Nathenje, Madamu Kettie ankayambira pamenepo kuwaonetsa. Iwowo ndiwo anali mkulu woona za umoyo ndi chithandizo cha ophunzira. Dzina la udindo kutalika ngati msewu wa ku Dedza!

Dorica anamenya kawiri, loko uja n'kugwa. Atatsegula, mphemvu zinangoti balala, ina n'kumukwera pamkono. Fungo la nkhungu linamulowa mpaka kukhosi. Mapepala anali thoo, ena atamatana ndi chinyezi, ndipo pakona mavu anali atamanga nyumba yawo, kuswa ana, anawo kukula n'kuuluka.

"Mayi wanga ine! Madamu, bokosili munalitsegula liti komaliza?"

"Ntchito yako ndi mabedi, osati mafunso," anatero Madamu Kettie atatseka mphuno ndi mpango. Anamupatsa envulopu. "Zakalezo ukatenthe kudzala. Uikemo izi, alemba maprifekiti dzulo."

Kudzala, kuseri kwa khitchini, Dorica anayamba wasuzumira muenvulopu muja. "Ndimakonda sukulu yanga." "Aphunzitsi athu ali ngati makolo." Onse anali otero, mapepala oyera bwino osapindika n'komwe. Analavula. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pomwe ankati akhutule mapepala akale aja, anaona zilembo zomwe ankazidziwa, zikuluzikulu zopendekera kumanja. Zinali za Tawina Zimba.

Tawina anali wa kwawo ku Mitundu, mwana wa matenanti a pa esiteti ya fodya. Anabwera pasukulupo pa basale atakhoza kuposa onse ku pulayimale. Koma chifikireni mayeso aliwonse ankakhala kumchira, ndipo kalata inali itatuluka kale: lero lomwe, alendo akangochoka, alongedze, malo ake apatse wina.

Dorica anafufuza mulu wonse, mphemvu zikuthawa m'zala zake. Anapeza mapepala asanu ndi awiri. Asanu ndi limodzi anali a m'Chingerezi chaulemu, loyamba la teremu yoyamba. Lomaliza linali la m'Chichewa, chinenero chomwe pasukulupo ukachiyankhula amakupatsa chikwanje ukatchetche bwalo.

"Madamu, mwina Chingerezi changa simukuchimva. Pa bolodi ndimaona utsi wokhawokha. Ku pulayimale ndinkakhala pansi, kutsogolo kwenikweni. Kuno timakhala motsata zilembo za maina, ndiye ine Zimba ndili kukhoma la kumbuyo. Ndikasunthira kutsogolo amandibweza kuti ndikusokoneza dongosolo. Ndikauza aphunzitsi amati ndilembe m'bokosi. Sindine chitsiru. Chonde ndithandizeni."

Dorica anawerenganso pepalalo. Chaka chathunthu mwana akugogoda, omuyankha mphemvu!

"A Dorica, muli bwanji kodi?"

Anatembenuka. Pa njerwa, pafupi ndi mulu wa nkhuni, panakhala mayi Esitere, amake a Tawina, atafumbata chitenje chodzamangira katundu wa mwana wawo. Anali atadzuka m'mamawa, kukwera minibasi ziwiri kudzera ku Lilongwe, ndipo mlonda anawauza kuti adikire kuseri kuno kuti alendo asawaone.

"Atiuza kuti mwanayo mutu ndi wouma," anatero mayiwo akuyang'ana pansi. "Kaya. Mwina sukulu zoterezi si za ife. Akatithandiza kusoka fodya."

"Mutu wouma ulipo, mayi, koma si wa Tawina. Uli muofesi umo, wavala wigi. Khalani pompo, musasunthe."

Anayatsa machesi. Chomwe chinapsa ndi envulopu ya maprifekiti. Mapepala akale aja anawabweza m'bokosi ndi nkhungu yake yomwe, a Tawina n'kuwasanjika pamwamba, la Chichewa lija pamwamba penipeni.

Alendo anafika atatu. Wotsogolera anali mayi wachizungu wa ku bungwe lolipirira atsikana a basale. Atsikana anaimba, anaomba m'manja, ndipo Madamu Kettie, mano onse pamtunda, anawatengera ku bokosi kuja.

"Timalitsegula Lachisanu lililonse," anatero m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. "Tolani lililonse, mumve nokha mawu a ana athu."

Atatsegula, kumwetulira kuja kunauma. Koma mlendo anali atatola kale. Analitembenuza pepalalo, n'kupempha Madamu kuti amumasulire.

Madamu Kettie analiyang'ana pepalalo. "Akuthokoza chifukwa cha chakudya chabwino."

Dorica anali ataima kumbuyo, manja kumsana monga anamulangizira. Anaganiza za ana ake atatu ku Mitundu, omwe amadya chifukwa cha yunifolomu yomwe anavalayi. Koma bodza lija linanunkha kuposa bokosi, ndipo pakamwa panatseguka pokha.

"Bodza limenelo!"

Onse anatembenuka. Chingerezi chake cha Fomu 2 chinali chitathawa, choncho sanavutike nacho. Anapita pabokosi, n'kutola mapepala asanu ndi limodzi aja, n'kuwaika m'manja mwa mlendo. Mayiyo anawerenga loyamba, lachiwiri, n'kuyang'ana madeti. Pofika lachinayi nkhope inali itafiira ngati tomato wa pamsika. Anafunsa funso limodzi lokha: Tawina Zimba ndi uti?

Alendo atachoka, Madamu Kettie anaitanira Dorica muofesi n'kumenyetsa chitseko.

"Wandivula pagulu, iwe! Kodi mwanayo analibe pakamwa? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Anatsekula kasanu ndi kawiri, Madamu. Loko munakhoma ndinu."

"Ukuyankha ndani choncho? Ukudziwa kuti pageti pali anthu angati ofuna ntchito yakoyo?"

"Ndikudziwa. Muwauziretu kuti ntchito yake ndi yotentha misozi ya ana."

Madzulo ake mayi Esitere anabwerera ku Mitundu okha, chitenje chija atangochipinda m'khwapa. Mawa lake galimoto ya sukulu inatengera Tawina ku Lilongwe kukamuyeza maso. Dorica naye analandira kalata yake: achoke ku hositelo, azikagwira kochapira zovala, kuti aphunzire mwambo.

Patatha masabata awiri, pageti anapachika chikwangwani chachikulu choyang'ana kumsewu. Panali chithunzi cha Tawina atavala magalasi, Madamu Kettie atamukoleka mkono paphewa, mano onse pamtunda. Pansi pake analemba kuti pasukulupa mwana aliyense amamvedwa. Bokosi lija analipaka penti yatsopano, n'kuligulira loko wonyezimira. Dorica ankati akamadutsa pageti m'mawa amayang'ana kumbali, kuopa kusanza tiyi.

Loweruka, ali weramu pa beseni la mashiti, manja atatuwa ndi sopo, anamva wina waima kumbuyo kwake. Anali Tawina, atanyamula zofunda zake, magalasi akumutsetsereka pamphuno.

"Andiika kutsogolo, a metroni. Masamu a dzulo ndapeza sevente-eyiti."

"Si metroni ine tsopano. Ika apo zofundazo, uzipita ukawerenge."

Tawina sanasunthe. Anakankhira magalasi m'mwamba ndi chala, n'kumuyang'anitsitsa kwa nthawi, ngati munthu amene akumuona koyamba.

"Kodi muli ndi imvi? Ine chaka chonsechi ndimayesa ndinu mtsikana."

"Choka apa, mwana wopanda ulemu! Magalasi a masabata awiri wayamba kale kutukwana akulu?"

Tawina anathawa akuseka. Dorica anaweramiranso pa beseni lija, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Sopo wa pasukulupo ndi wowawa, aliyense amadziwa.