Mtanda pa chitseko cha Joumana

Ine ndinanena kalekale kuti pakati pa tauni ya Faraya si pokhala munthu. Chipale chofewa chikangogwa, a ku Beirut amakhamukira kuno, matabwa otsetserekera ali pamwamba pa galimoto. M'mawa amakwera phiri akuseka, madzulo ena amatsika atanyamulidwa. Koma mdzukulu wanga Joumana, atangokwatiwa ndi Wissam, uja amaphunzitsa alendo kutsetsereka, anapeza nyumba pomwepo, pamwamba pa malo ophikira buledi a Abu Tanios.

"Pansi moto, padenga chipale," ndinatero. "Mukufuna kupsa kapena kukwiririka?"

"Mutisankhire ndinu, Agogo," anatero Wissam, mano onse pamtunda. Mwana ameneyu alibe mantha, n'chifukwa chake ndimamuopera ine.

"Musagule nyumbayo mtanda usanamatidwe," ndinatero. Kwathu kuno mkwatibwi amamata mtanda wa ufa wokanda pamwamba pa chitseko. Ukamatirira, nyumba yamulandira. Ukagwa, atembenuke, asayang'anenso m'mbuyo. Joumana ndinamuuza zimenezi akuyamwa chala, ndipo zinamulowa.

"Chabwino," anatero Joumana. "Ukagwa, titenga ija ya ku Jounieh, kunyanja."

Ku Jounieh! Msewu wokhotakhota ujawu ine sindiuyenda, umanditembenuza m'mimba. Ndiye kuti mdzukulu wangayo ndizimuona pa Pasaka pokha. Koma pakamwa panali patatsogola kale.

Loweruka tinapita. Kunazizira moti mphuno inkachita ngati ya munthu wina. Mwini nyumba, a Chafic, anatikweza masitepe akunja, makiyi akulira m'manja, akutamanda khonde loyang'ana phiri.

"Khonde limeneli mwana akhoza kugwa," ndinatero.

"Mwana wake uti, mayi a Boutros?" anandifunsa a Chafic.

"Amene akubwera. Mumayesa anthu amakwatirana kuti azionera chipale?"

Abu Tanios anatipatsira mtanda wake, woyera mbee ndi ufa. Joumana anatambasula dzanja, n'kuudinda pa chitsulo cha pamwamba pa chitseko. Atangochotsa dzanja, phwa! pa nsapato ya a Chafic.

Palibe anaseka, ngakhale Wissam. Joumana anatembenuka.

"Mwaona, Agogo? Yatikana. Tiyeni."

Mtima wanga unali utafika kale ku Jounieh, ukusanza m'basi. Ndinayang'ana chitsulo chija, chisanu chitachita mbuu. Ana onse a mumsewu mwathu ndawachenjezapo kuti chitsulo cha m'nyengo yozizira sanyambita, chifukwa mchimwene wanga ali mwana anakanirira lilime pa chitseko cha tchalitchi mpaka ansembe anabwera ndi ketulo ya madzi ofunda.

"Iwe, ima! Wakuuza ndani kuti mtanda wosadalitsa umawerengedwa?" Ndinautola. "Uwu ndi wamalonda, wangothawira kwa mwini wake."

"Mayi a Boutros, musanyoze mtanda wanga!" anakuwa Abu Tanios ali pansi. "Mano anu otsalawo amadya wa ndani?"

"Khala chete, Abu Tanios, buledi wako akupsa!"

M'chikwama mwanga simusowa kabotolo ka madzi odalitsa, poti diso loipa silichenjeza. Ndinauthira mtandawo mosaumira, mpaka unachita noninoni.

"Mata tsopano. Dinikiza, unene Atate Athu yense, osadumpha."

Joumana anadinikiza, maso ali otseka. Atafika pa Amen anachotsa dzanja pang'onopang'ono. Mtanda unangoti nga! Wissam anaukoka ndi chala, osasuntha. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana chitsulo, n'kundiyang'ananso.

"Agogo, madzi amenewa ndi amphamvu."

"Ndi a Mulungu. Chotsa chala, ungaugwetse."

Joumana anandikumbatira mpaka mpango wanga unagwa, ndipo a Chafic anamuika makiyi m'manja asanasinthe maganizo.

Nyumba anagula. Pansi pake pamafunda ndi moto wa Abu Tanios, zimenezo ndivomera, ngakhale ndinawauza kuti agone ndi ndowa ya madzi pafupi. Kuchokera kwanga ndimangoyenda wapansi. Ndimakhala pakhonde paja, ndikukuwira alendo kuti avale zipewa, koma samva.

Mtanda ukadalipo, wouma gwa. Aliyense wolowa ndimamuuza kuti asaime pakhomo, chifukwa dzuwa likadzabwerera udzasiya chitsulo. Joumana ndamuuza kale kuti wogwa nyumba itagulidwa suwerengedwa.