Mlamba wa a Feston

"Kuyambira ku Mbenje kuno mpaka ku Makhanga, palibe mlamba umene sudziwa dzina langa," anatero a Feston, akumenya bwato ndi chikhatho. "Achimwene, Mulungu awalandire, ankangodziwa kupalasa ndi kuthira uchema m'kapu. Koma za mbedza, mwiniwake ndine. Ndiye bwatoli mukufuna mupatse ndani?"

Panali patapita masiku anayi chiwaikireni m'manda a Geresomo, mkulu wawo wa a Feston, ndipo abale anali atakhala pansi pa mtengo wa nimu kugawana zimene malemuwo anasiya. Njinga inapita, wailesi inapita, ngakhale jekete la kuesiteti ya nzimbe linapeza mwini popanda phokoso. Linatsala ndi bwato basi, litagona chafufumimba pambali pawo.

Priscilla, mwana woyamba wa malemu, ankalifuna bwatolo. Dimba lake linali kutsidya, ndipo madzi akadzaza, mayi wa ana atatu wopanda bwato amangoonera chimanga chake patali ngati cha eni. Koma kulimbana ndi bambo aang'ono misozi isanaume kunamukanika. Anangoyang'ana pansi, akutokosa mkeka.

Za a Geresomo aliyense ankazidziwa. Ena amapita kudambo chifukwa cha njala, iwo ankapita chifukwa Loweruka lakwana. Chipumireni pantchito, Loweruka lililonse ankanyamula chigubu cha mowa wa uchema, mchere, tsabola, mandimu awiri ndi mng'ono wawo Feston. Madzulo ankabwera akuimba nyimbo za kwaya mosalongosoka, mlamba wautali ngati mkono uli paphewa pa a Feston.

"Nsomba imaopa maso," a Feston anapitiriza kuphunzitsa anamalira. "Ine ndimamanga chingwe kuchala chakuphazi, makapu atatu, chipewa kumaso, tulo. Iyo imabwera yokha kudzandidzutsa."

"Ndiye achimwene anuwo ankatani?" anafunsa wina.

"Ankandilondera ng'ona. Aliyense ndi mphatso yake."

A Otilia, mkazi wa malemu, anakonza duku lawo modekha.

"Alamu, mawa ndi Loweruka. Anthuwa amwazikana Lamulungu, ndipo nyemba zawatopetsa. Pitani kumalo kwanu kuja. Mukabwera ndi mlamba ngati masiku onse, bwato ndi lanu. Mukabwera ndi chipewa chokha, ndi la Priscilla."

"Takhuta, alamu, zikomo! Yambani kusinja tsabola."

M'mawa mwake amene anapalasa anali Priscilla, pakuti phewa la a Feston linali ndi matenda odabwitsa, oyamba likangoona nkhafi. Anadutsa m'ngalande za bango, namasupuni akukwecha m'mbali mwa bwato, mpaka pa thamanda lobisika pamene panali mgwalangwa umodzi wopendekera kumadzi. Pamenepo a Feston anavula nsapato, anakola nyambo, anaponya mbedza, n'kumanga chingwe kuchala. Kapu yoyamba anaikweza kuloza kumpando wa kumbuyo, koma atapeza kuti pakhala Priscilla, anaimwa msangamsanga.

Atatha yachitatu anagona chagada, chipewa cha mlaza kumaso.

Tulo sitinabwere. Uchema unali womwewo, mthunzi womwewo, koma panalibe woimba molakwitsa kumbuyoko. Anangokhala du, akuyang'ana kumwamba kudzera m'timabowo ta chipewa, n'kuyamba kuliza mkonono wabodza kuti mwana wa achimwene asaone kuti katswiri wasowa tulo. Dzuwa linakwera. Chingwe chinali zii.

Kenako bango linagwedezeka. Munatuluka kabwato kakang'ono, mopanda ndi phokoso la nkhafi lomwe, muli nkhalamba yowonda yovala malaya opanda mabatani. A Feston anaidziwa. Anali a Kaitano, otchera miono, amene ankakhala mumsasa pakati pa dambo.

"Agona?" ananong'ona a Kaitano.

"Agona," anayankha Priscilla, atadabwa.

"Makapu angati?"

"Atatu."

"Basi, akwana. Pepa ndi maliro, mwananga. Miyendo inandikaniza kufika."

Nkhalambayo inagwira chingwe cha a Feston ndi zala ziwiri, n'kuyamba kuchikoka pang'onopang'ono ngati ikusolola ulusi pansalu. Mbedza inatuluka nyambo ili yonse. Ndiye inatsegula thumba lonyowa limene linali kumapazi kwake. Munali mlamba wamoyo, wakuda bii, ndevu zikugwedera.

"Agogo, mukutani?"

"Ntchito ya Loweruka. Zaka khumi ndi ziwiri tsopano. Bambo ako ankandibweretsera uchema, ine n'kuwasungira wamkulu wa mumono."

"Ndiye kuti milamba yonse ija..."

"Pano? Pano pali achule okhaokha, mwananga. Bambo ako anapasankhira mthunzi." A Kaitano anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. "Chaka chija mkazi anawathawa awawa, ntchito n'kuwatheranso, ankangokhala pakhonde ngati nkhuku yonyowa. Bambo ako anati, Kaitano, mng'ono wanga alibe chodzitamira, ndipo munthu wopanda chodzitamira sakhalitsa. Ngakhale ali kuchipatala ananditumizira mawu. Akuti bwatoli likangooneka pano, ndisaphonye."

Pansi pa chipewa, mkonono unadukiza. A Feston anauyambitsanso mwamsanga, koma unatuluka wopyapyala.

Priscilla anayang'ana mlamba uja, anayang'ana nkhafi imene inali pamiyendo pake, yosalala pamene dzanja la bambo ake linkagwira. Akanangoti iyayi, nkhalambayo ikanabwerera ndi thumba lake, bwato n'kukhala lake Lamulungu lisanafike. A Feston anatchera khutu pansi pa chipewa.

"Wakhala chete bwanji?" anafunsa a Kaitano. "Pali vuto?"

"Palibe, agogo." Priscilla anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Kolani. Mukole bwino, usapulumuke."

Anatsanulira uchema wotsala m'botolo la nkhalambayo. A Kaitano anakola mbedza pamlomo pa nsomba, anaitsitsira m'madzi mwaulemu, n'kubwerera m'bango momwe anatulukira.

Chingwe chinawongoka. Chinakoka kamodzi, chinakoka kawiri, phazi la a Feston mpaka kutuluka kunja kwa bwato. Masiku onse apa ndi pamene ankadzambatuka akukuwa kuti Mbenje yense abwere adzaone.

"Bambo aang'ono," anaitana Priscilla chapansipansi. "Yakudzutsani."

A Feston sanachotse chipewa. Anapinda bondo, anapapasa chala, anamasula mfundo, n'kutambasula dzanja kumupatsa chingwecho.

"Vuula ndiwe, mwanawe. Nsomba ya bambo ako iyi." Mawu anatuluka osasa pansi pa mlaza. "Ukatero upalase bwato lako tizipita. Koma pang'onopang'ono, ine ndikadagona."