Nkhosa za Royce M'munda wa Mbalame

Thelma Odling ankadziwa kuti anthu a m'mudzi wawo, kumapiri a Lincolnshire, amamuseka. Sankasamala. Bambo ake anamusiyira minda ya tirigu ndi balere yosalala ngati chikhatho, koma iye anadulako chigawo chakumtunda, m'mbali mwa mpanda wa minga, n'kufesamo mbewu zosakolola: balere, mpiru, mawere, mpendadzuwa ndi lepu wamtali. Pangano lake ndi boma linali loti mbewuzo ziime chiimire dzinja lonse lachisanu kuti mbalame zakutchire zizidya, mpaka nthaka itafundanso.

Pofika Novembala mundawo unkaoneka ngati wa munthu womwalira. Mpendadzuwa unada n'kuzolika, mpiru unagwerana. Koma ukangowomba m'manja, mpheta zinkadzuka ngati utsi, ndipo nkhwali zotuwa, zimene zinasowa kuderalo Thelma akadali mtsikana, zinkathamanga m'mizere.

Woseka wamkulu anali Royce Marfleet, mlimi wa nkhosa wa kuseri kwa mpanda. Awiriwa anaphunzira kalasi imodzi, choncho ulemu pakati pawo unali wochepa. Royce ankauza anzake kumalo omwera mowa kuti Thelma watsegula hotela ya mbalame, ndipo alendo ake amachoka osatsanzika.

Mu Januwale munagwa chipale chofewa chochuluka. M'mawa wina Thelma anakwera kumtunda ndi galu wake, ndipo asanafike n'komwe anamva kulira kwa nkhosa kumene sikuyenera kumveka. Mtengo wowola wa mpanda wa Royce unali utagwa ndi kulemera kwa chipalecho, waya n'kugona pansi. Gulu lonse la nkhosa zake linali m'munda wa mbalame. Lepu zinamudya mpaka kutsala zitsa, ndipo zimene sizinadye zinapondereza m'matope. Thelma anaima kanthawi manja ali m'thumba. Mtima unamuwawa, koma sanatukwane. Anaimbira galu likhweru, n'kuzikusa nkhosazo kutsika nazo mumsewu mpaka pakhomo pa mwini wake.

Royce anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja. Atamva nkhaniyo anayamba ndi nthabwala, kuti tsopano tchire lija lapeza ntchito. Thelma sanaseke. Anamuuza kuti avale nsapato akaone yekha.

Atafika kumtunda, Royce anavula chipewa n'kukanda mutu. Mpheta zinali mbuu m'mitengo ya minga, zitafufuma nthenga, zikuyang'ana pansi popanda kanthu. Royce anati alipira, Thelma angotchula mtengo.

"Mbalame sizidya ndalama, Royce," anatero Thelma. "Madzi akatayika saoleka. Koma m'shedi mwako muli tirigu wonyala uja wotsala popeta. Uzibwera naye m'mawa uliwonse mpaka masamba ataphuka."

"Ine? Kudyetsa mpheta? Anthu akandiona ndiziti chiyani?"

"Uziti nkhosa zako zinadya kuhotela osalipira."

Tsiku lomwelo Thelma anaimbira foni mlangizi wa boma woyang'anira pangano lija n'kumufotokozera zonse mmene zinalili. Mlangiziyo anabwera, anajambula zitsa zija, ndipo anavomereza kuti kumwaza mbewu ndiyo njira yokha yotsala. Thelma ankadziwa kale. Nyengo yovuta kwa mbalame si Disembala ayi, ndi kumapeto kwa chisanu, pamene njere zonse zakutchire zatha koma tizilombo tisanatuluke.

Tsiku loyamba Royce anabwera ndi njinga yake yamoto ya matayala anayi, anakhuthula thumba lonse pamalo amodzi n'kubwerera. Pofika masana muluwo unali wakuda ndi njiwa ndi akhwangwala, ndipo mawa lake panali mapazi a makoswe. Thelma anamudikirira pachipata. Anamuonetsa mmene amafunira: kumwaza mopyapyala, motsatira mpanda, pouma, kuti timbalame tating'ono tikaona zoopsa tizithawira m'minga. Royce anang'ung'udza kuti ngakhale malemu mkazi wake sankamulamula chonchi. Thelma anamuyankha kuti n'chifukwa chake mipanda yake imagwa.

Mbalame zambiri zinachoka ndithu. Gulu lalikulu lija limene linkadzuka ngati utsi silinaonekenso chaka chimenecho, ndipo Thelma sanadzinamize kuti zonse zinapeza kwina kodya. Koma mpheta zamutu wachikasu zinatsala, nkhwali nazo zinatsala. Posakhalitsa zinazolowera kulira kwa njinga ya Royce, moti zinkatsika m'mitengo iye asanazimitse n'komwe injini.

Royce sankaphonya. Ngakhale tsiku limene mvula yozizira inkagwa chopingasa, anafika atavala jasi lake lonunkha nkhosa. Akamaliza ankatsikira kukhitchini kwa Thelma kukamwa tiyi ndi buledi wa zipatso wodyera tchizi, uku akudandaula za mawondo ake ndi mitengo ya pamsika. Za mbalame sankazitchula.

M'mawa wina mu Febuluwale analowa m'khitchinimo nkhope ili gwa. Anati kabawi watsika pamaso pake penipeni n'kunyamula imodzi mwa zachikasu zija, yaimuna, imene inkakonda kutera pamtengo wa chipata. Anafunsa ngati palibe chimene angachite naye kabawiyo.

Thelma anaika ketulo pamoto, akumwetulira. Anamuuza kuti kabawi amatetezedwa ndi lamulo, komanso nayenso ali ndi mimba. Kabawi sazungulira pamalo opanda chakudya, ndiye kubwera kwake ndi umboni woti ntchito ikuyenda.

"Komatu inali yonenepa bwino," anatero Royce. "Tirigu wanga ameneyo."

"Zasanduka zako liti?"

Royce anangolandira tiyi wake n'kunena kuti wachepa shuga.

Chisanu chinatha mochedwa. Royce anakonza mpanda, anazika mitengo yatsopano, ndipo masamba ataphuka anasiya kubwera monga anapanganirana. Sanalowe nawo pulogalamu ya boma. Anati iye ndi wa nkhosa, ndipo adzafa wa nkhosa.

Mu Epulo Thelma anakwera kumtunda ndi thirakitala kuti agaule chigawocho n'kukonzekera kufesanso. Atafika pachipata anazimitsa injini n'kutsika. Zitsa za lepu zija, zimene ankaziyesa zakufa, zinali zitaphuka nthambi zambirimbiri, zobiriwira bii chifukwa cha manyowa amene nkhosa zinasiya. Zina zinali zitayamba kale kutulutsa maluwa achikasu, njuchi zili ng'wee. Anayenda mzere ndi mzere akugwira masamba. Lepu wotere amabereka njere chaka chachiwiri, ndipo njere zake zimakhalitsa m'makoko mpaka nthawi ya njala ya mbalame ija. Pansi pa tsinde lina nkhwali ziwiri zinatuluka n'kuthamangira kumpanda.

Anaganiza mwachangu. Theka lophukalo alisiya liime, theka loponderezedwa alilima n'kufesamo balere ndi mawere nthaka ikafunda. Anaimbira mlangizi pomwepo, ataima m'munda, ndipo anagwirizana.

Royce, amene ankaona ana a nkhosa kuseri kwa mpanda, anayandikira n'kutsamira waya wake watsopano. Anayang'ana maluwawo nthawi yaitali. Kenako ananena kuti zikuoneka kuti nkhosa zake zimadziwa ulimi kuposa anthu ena, ndipo ngati Thelma akufuna, chaka chamawa azibweretsanso, ulere.

"Zikadzangodutsa waya ameneyo, ndidzadya imodzi," anatero Thelma.

Anakwera thirakitala, anatsitsa khasu kumbali yoponderezedwa, nayamba mzere woyamba. Dothi linkatembenuka lofewa, lakuda, ndipo anafika nalo kumapeto kwa munda dzuwa lisanakwere.