Boti Lolemera la ku Swang'oma

Davison Sitima ankadziwa kamwedwe ka injini yake ngati mmene mayi amadziwira kadyedwe ka mwana wake. Inali injini yakale yopachika kumbuyo kwa boti, yomwe asodzi amangoti fifitini potengera mphamvu zake. Kuchokera padoko la Swang'oma kukafika ku zimbowera, timisasa toyandama tomwe asodzi amagonamo pakati pa nyanja ya Chilwa, ndi kubwerako, chigubu chimodzi cha petulo chinkakwana. Pansi pankatsalanso tochepa tosambira m'manja akagwira girizi. Sankakonda kuipatsa moto wonse. Ankati injini ukaikakamiza imangokuwa ndi kumeza mafuta, liwiro lake osasiyana kwenikweni, koma ukaisiya pakatikati boti limadzutsa mphuno pang'ono n'kumatsetsereka lokha.

Zinthu zinasintha chaka chomwe namondwe anagumula mapiri. Mitsinje inatsika ndi matope, mitengo, madenga, mbuzi ndi anthu, n'kukathira zonsezo m'nyanja. Patapita miyezi madzi anadikha, asodzi anabwerera ku zimbowera, Davison nayenso anayambiranso maulendo ake. Popita zonse zinkayenda bwino. Pobwerera kumtunda ndi pomwe injini inkasintha mawu, kumalira mokoka ngati ng'ombe yokwera chitunda ndi ngolo ya mchenga. Chigubu chija chinasiya kukwana.

Poyamba anaganiza kuti ndi udzu wakulunga mapiko a injini. Anaizimitsa, n'kuikweza, koma anapeza mapiko ali mbee. Anasintha pulagi. Anasiya kugula petulo wa m'mabotolo poopa kuti akumuthira palafini, koma sizinathandize.

Tsiku lina ananyamula a Chawezi, mayi wa zaumoyo wochokera kumpoto, yemwe ankapita kukabaya katemera ana a ku zimbowera. Anali awiri okha m'boti, ndi kabokosi ka mankhwala. Pobwerera dzuwa linali pamutu, mphepo kulibe, nyanja ili phee ngati mafuta m'mbale. Atangolowa m'kanjira ka pakati pa njedza, udzu wautali womera m'madzi, boti linagwedezeka pang'ono, kupendekera kumanzere, kenako kumanja, monga limachitira anthu akamakwera padoko. Injini inatsitsa mawu.

“Tagunda chinthu?” anafunsa a Chawezi.

“Ayi, mayi. Pano ndi pakuya.”

“Nanga bwanji madzi akwera chonchi? Popita paja dzanja langa silimafika.”

Davison anasuzumira m'mbali. Mzere wa penti yofiira, womwe unkamira pokhapokha akadzaza matumba a matemba ndi anthu pamwamba pake, unali pansi pa madzi. Anayang'ana pansi pa boti kuti mwina labooka, koma matabwa anali ouma. Anawonjezera moto. Injini inakuwa, utsi wabuluu unatuluka, koma boti linkangokankha madzi ndi chifuwa, mphuno osadzuka.

A Chawezi anali atakumbatira kabokosi kawo pamiyendo. Anangoloza ndi chibwano. Pamabenchi a botilo, opanda anthu, panali madontho a chinyezi, ozungulira, oyandikana bwinobwino, akuluakulu ndi ang'onoang'ono. Dzuwa lonse lija, koma sankauma. M'botimo munkamveka fungo la dothi lofiira lonyowa, la kumunda, osati la thope lakuda la m'nyanja.

Mafuta anathera doko likuonekera patali. Davison anatenga nsungwi n'kuyamba kuponda, thukuta lili kamukamu, mapewa akuwawa ngati akukankha boti la anthu opita kumsika. Litangokhudza mchenga, boti linagwedezekanso kangapo, mzere wofiira uja n'kutulukira pamwamba pa madzi. A Chawezi anatsika osayang'ana kumbuyo. Atafika pouma anatembenuka.

“A Sitima, ine za kuno sindizidziwa. Koma mwezi wamawa ndidzakwera lina. Musandiganizire zoipa.”

Loweruka Davison anamangirira injini pakaliyala wa njinga n'kupita nayo ku Chiringa, komwenso kunali kwawo, kwa Goodman, makaniko wa njinga zamoto amene ankadziwanso za maboti. Goodman anamasula kabureta, anaitsuka, anayang'ana mapaipi ngati akudontha, kenako anaimika injiniyo mu dilamu ya madzi n'kuiliza. Inalira mosalala mpaka anthu odutsa ankaima kumvetsera.

“Injini iyi ilibe mlandu, achimwene,” anatero Goodman akupukuta m'manja. “Mafuta sapita okha. Injini imamwa molingana ndi chimene ikukoka. Mukunyamula chiyani masiku ano?”

“Palibe.”

“Ndiye palibe wanuyo ndi wolemera.”

Goodman anaseka, koma Davison sanaseke.

Kwa sabata yonse yotsatira ankanyamula zigubu ziwiri, n'kumangoyang'ana kutsogolo boti likayamba kupendekera. Anaona kuti padoko boti likapepuka, agalu omwe ankadya mamba a nsomba ankachoka mwakachetechete, michira ili pakati pa miyendo. Anaonanso kuti tsiku lotsatira kulemera kunkakhala komweko, pamalo omwewo a m'njedza, ngati kuti amene anawatsitsa dzulo abwereranso kukadikira.

Loweruka linalo anakokera boti kumtunda, anatsekera injini m'nyumba ya mnzake, n'kukwera njinga yopanda katundu kupita kwawo. Atangochoka padoko anamva tayala lakumbuyo likuphwa, kaliyala akulira ngati wakhalidwa. Anatsika n'kulitsina tayalalo, koma linali lolimba. Anakweranso. Msewu unali wafumbi, wokumbika ndi madzi, ndipo njinga inkalemera kumbuyo, kupendekera mbali imodzi monga imachitira munthu wamayi akakhala chammbali. Anthu ankamupatsa moni m'njira, iye n'kumayankha ndi mutu wokha. Pamsana pa malaya ake panayamba kuzizira, malo aang'ono ngati chikhatho.

Atagwera m'dzenje lina, anamva mawu pafupi ndi khutu lake, otsika, opanda mkwiyo.

“Pang'onopang'ono, alamu. Ndabereka mwana.”

Davison sanasiye kupalasa. Mawuwo anawadziwa. Anali a Belita, mng'ono wa mkazi wake, yemwe anakwatiwa m'mudzi wina m'munsi mwa phiri la Michesi. Tsiku la namondwe matope anatsika ndi miyala n'kukokolola mudziwo. Belita ndi khanda lake sanapezeke, ndipo pamaliro pake panalibe bokosi.

Davison sanacheuke. Anachepetsa liwiro, n'kumazemba maenje onse. Pamphambano ya kwawo sanakhote. Anapitirira, n'kutenga kanjira kokwera kuphiri, komwe anatsika n'kumakankha njinga pakati pa minda ya chinangwa. Amayi awiri osenza nkhuni anamupatukira, ndipo mmodzi anayang'anitsitsa kaliyala uja, n'kugwira mnzake pamkono.

Pamene panali mudzi paja panali miyala yokhayokha, ikuluikulu ngati nyumba, ndi mchenga woyera pakati pake. Mtengo wa mango umodzi unatsala, utasendeka khungwa mbali ya kuphiri. Davison anaimika njinga pamthunzi wake, n'kuigwira zolimba kuti isagwe.

“Mwafika, alamu,” anatero Davison. “Ndi pano.”

Kwa kanthawi palibe chinachitika. Kenako kaliyala analira, njinga inapepuka m'manja mwake, ndipo kuzizira kwa pamsana kuja kunachoka. Pamchenga sanaone phazi la munthu. Anangomva timiyala tikugubuduka chapatsogolo, kulowera komwe kunali khonde la nyumba ya Belita, mpaka kunangoti zii.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Mkazi wake Ethel anali pakhonde akusenda chinangwa. Anamuyang'ana kumaso, kenako anazungulira n'kuona pamsana pa malaya pali chidindo cha dothi lofiira, zala zisanu zooneka bwino. Davison anakhala pansi n'kumufotokozera zonse, kuyambira za mafuta. Ethel anamvetsera mpeni uli m'manja. Misozi inkatsika koma sanalire mokweza.

“Mwana anali naye?” anafunsa.

“Anati wabereka.”

Ethel anagwedeza mutu. Anavula mwamuna wake malaya aja, anawapinda osawachapa, n'kukawaika m'sutikesi momwe ankasungamo nsalu za ku tchalitchi. Atatuluka anakhala pafupi naye.

“Boti lija mugulitse, bambo. Tilima.”

Davison anayang'ana kumpoto, komwe nyanja inkaoneka ngati kamzere kotuwa kumapeto kwa dambo. Anakumbukira madontho aja pamabenchi, mmene anayandikanirana, ndi ang'onoang'ono aja pakati pa akuluakulu.

“Padoko sipamene akufuna,” anatero. “N'chifukwa chake amabwerera. Njinga idzawanyamula mmodzimmodzi.”

“Ndiye muwatenga onse? Ena simukudziwa n'komwe kwawo.”

“Adzanena okha.”

Ethel anatola mpeni n'kupitiriza kusenda chinangwa. Lolemba m'mawa anadzuka n'kumuphikira mbatata za pa ulendo. Davison akupopa matayala, mkaziyo anatuluka ndi chitenje chakale, anachipinda kanayi, n'kuchimangirira pakaliyala ndi mphira kuti wokhalapo asamve zitsulo.