Nyama ya ku Kampu

Everson anali atangotsegula zitseko za lole yake ya firiji pamene Jeff anatulukira akukankha ngolo yodzaza ndi mabokosi a nyama ya ng'ombe. Everson, bambo wa ku Ntcheu, ankayendetsa lole ya kampani ina yogulitsa nyama ku Abu Hamour, mumzinda wa Doha. Jeff, wa ku Chipata, ndiye ankapakira katundu.

"Ng'ombe zadzuka kumanda?" anafunsa Everson. "Sabata yonse takhala tikungodiliva nkhuku."

"Izi n'za m'firiji ya kumbuyo, amdala," anatero Jeff motsitsa mawu. "Zoletsedwa zija. Bwana andimatitsa masitika atsopano m'mawa uno."

Chiletso chija chinali chitasokoneza ntchito yonse. Oyeza zakudya atapeza kuti alimi a dziko lina amathira mankhwala onenepetsa m'chakudya cha ng'ombe, nyama yochokera kumeneko inatsekeredwa njira. Kwawoko ng'ombe zinasowa wogula, mitengo n'kugwa. Ku Doha kuno mtengo unakwera moti pamsika wa ziweto mahotela ankachita kulimbirana. Mabokosi amene kampaniyo inali nawo kale anayenera kuwonongedwa.

"Ndiye zikupita kuti?"

"Ku kampu ya masekyulite. Kukhitchini kwawo."

Everson anatseka zitseko za lole. Kampu imeneyo ankaidziwa bwino. Anyamata angapo amene amapemphera nawo Lachisanu ankagona ndi kudya komweko.

Anwari, mkulu wa pakampanipo, anatuluka mu ofesi foni ili kukhutu. "Yalla, yalla, fulumirani! Mwatsekeranji musanapakire?"

"Bwana, nyama iyi sindinyamula."

Anwari anadula foni. "Wati chiyani?"

"Inaletsedwa. Inuyo mukudziwa, inenso ndikudziwa."

"Tamvera, Everson. Kwawoko anthu amadya nyama yomweyi tsiku ndi tsiku, palibe anagwa nayo pamsewu. Mtengo wa ng'ombe pano ukuudziwa? Ndikataya izi, mawa titseka, iwe ndi ine tonse ulendo wa kumudzi."

"Ngati ili bwinobwino, tichotse masitikawo. Akaone okha kumene yachokera, asankhe."

"Ndiwe dalaivala kapena dokotala?"

"Dalaivala. N'chifukwa chake ndimafuna kudziwa chimene ndanyamula."

Jeff anamukoka malaya. "Amdala, kontilakiti yanu ili m'manja mwa munthu ameneyu. Ana anu kusukulu akadya chilungamo?"

Everson anaganizadi za ana ake, ndi nyumba imene anaisiya yopanda denga ku Ntcheu. Komabe anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika pamwamba pa bokosi.

"Nditumeni kwina kulikonse, bwana, ndipita. Koma uku ayi. Ndipo wina akapita nazo, ndiuza anyamata a ku kampu asadye."

Anwari akanatha kumuchotsa ntchito, koma munthu wochotsedwa amalankhula paliponse. Anatola makiyi aja.

"Khalas, basi. Jeff, bweza mabokosi. Iwe Everson, kuyambira mawa lole aziyendetsa wina. Uzikakweza ng'ombe kumsika wa ziweto, padzuwa. Tione ngati pakamwapo sipauma."

Patapita sabata, Jeff anabwera kumsikako ndi dalaivala watsopano. Anapeza Everson atakulunga nsalu kumutu, nsapato zili ndowe zokhazokha, akukankha ng'ombe yokana kukwera.

"Amdala, mwada ngati makala!" anaseka Jeff. Kenako anayandikira. "Mabokosi aja anapita kokawonongedwa dzulo. Bwana anaopa. Koma dzina lanu safuna n'kulimva komwe. Akuti kontilakiti ikatha, basi."

Everson anapukuta thukuta n'kumwa madzi a m'botolo, omwe anali atafunda kale.

"Ikatha tidzafuna kwina," anatero. "Gwira chingwe icho, Jeff. Ng'ombe iyi ikwere."